Mkanda Woyera Uja

Komanso ndani anamuuza Olinda kuti msana wa Melina ukuwawa? Apa ndi pamene maganizo ake ankabwerera, ngati lilime pa dzino lobooka, kuyambira pamene anatuluka pachipata cha nyumba imene ankachita lendi ku Warren Park mpaka tsopano pamene ankatsatira wilibala ya mwamuna wake mumsewu wa maenje uja — chifukwa iye sanadandaulepo kwa munthu, kutchalitchi ayi, kwa azimayi anzake ogulitsa tomato pakona ayi, ankangodzuka pang'onopang'ono atagwira khoma n'kunamizira kuti akufuna nsapato, ndiye ngati mkazi wa mumsewu wina akudziwa za ululu wa pansi pa chitenje chake, pali pakamwa pamene panayankhula, ndipo pakamwapo ndi pomwe pankaimba mluzu patsogolo pakepo.

Bothwell ankaimba mluzu. Munthu amene chaka chatha ankayenda chowerama ngati wataya singano, amene ankachita kumugwira m'khwapa kuti afike kuchimbudzi, lero ankakankha wilibala yodzaza timikeka ta labala ta mkazi wina, mapewa ali m'mbuyo, malaya atapisira ngati mnyamata wokafunsira mbeta. Melina ankayang'ana msana umenewo mtima ukumuwawa. Unali msana wake. Ndi iye amene anausamalira miyezi yonse ija kuchokera tsiku limene anzake a kuntchito anamubweretsa atamunyamula, thumba la feteleza litamugwetsa kosungira katundu ku Southerton — kampaniyo inatseka asanachire n'komwe, ndipo palibe anabwera kudzamuona — ndi iye amene ankakatunga madzi kuchitsime cha kudambo, kuwawiritsa pankhuni magetsi atathima, n'kumamuthowa ndi nsanza mpaka zikhatho kusupuka, koma msanawo unakana. Unkadikira Olinda. Olinda anangobwera ndi kamkeka kake ndi timawu take tofewa tija, ndipo nyengo yozizira isanathe munthu anaimirira, ndiye anthu kutchalitchi n'kumati Olinda ali ndi manja, ngati kuti enafe tili ndi ziboda.

Dzina la masewerawo Melina sankafuna ngakhale kulitchula. Pilatesi. Linkamveka ngati matenda a nkhuku. Olinda, mwana wa anthu a ku Tete amene anathawa nkhondo iye ali kumsana, anagwira ntchito zaka zambiri m'nyumba ya mzungu wina kumpoto kwa tauni, mayi amene ankaphunzitsa olemera anzake kugona pansi, kupuma ndi kukweza miyendo kuti misana ilimbe. Iye ankakolopa n'kuyala timikeka, kwinaku maso akuba ntchito ya abwana. Zinthu zitavuta, mashelefu m'masitolo atayera mbee, mzunguyo analongedza n'kupita kwawo, kumusiyira timikekato, ndipo Olinda anabwera nato ku Warren Park n'kuyamba kuphunzitsa m'galaja ya nyumba ina imene eni ake anathawira kunja. Anthu ankapereka chimene ali nacho, wina sopo, wina mazira, wina kapu ya mafuta ophikira. Bothwell analibe sopo kapena mazira, choncho ankathokoza ndi miyendo: kunyamula timikeka popita, kutinyamula pobwera, kusesa galaja, kudikira panja. Ankatero mwini wake. Koma Melina anabadwira pafamu ya fodya ku Karoi, anakulira m'komboni mmene makoma anali a udzu ndipo nkhani za banja lililonse zinkamveka kwa onse, ndipo anaonapo kumene kuthokoza kwa amuna kumathera.

Umboni analibe, ndipo n'zimene zinkamupsetsa mtima koposa. Anapisa m'matumba a buluku, ananunkhiza kolala ya malaya mpaka kudzichitira yekha manyazi, n'kupezamo fungo la labala ndi thukuta basi. Tsiku lina anasiya tomato wake m'manja mwa mnzake n'kukaima kuseri kwa mpanda wa galajayo ngati wakuba, ndipo anangomva mawu a Olinda akutsogolera mpweya wa azibambo — kokani, tulutsani, kokani — n'kubwerera ali ndi manyazi ndi mkwiyo pamodzi, chifukwa munthu wosalakwa sayankhula mofewa chonchija, kapena mwina amayankhula, iye akanadziwa bwanji, iye amene mawu ake anasasa kalekale poitanira makasitomala pamsewu. Inali nthawi ya kolera, anthu atasiya ngakhale moni wa m'manja, pamaliro ankangogwedezerana mitu, koma mkazi mmodzi yekha mu Warren Park yense ankaloledwa kugwira amuna a eni m'chiuno dzuwa likuswa mtengo, ndipo ankamupatsa mazira.

Chimene chinkamusokoneza n'chakuti Bothwell sanazizire. Akanayamba kukalipa, kufika mochedwa, kukankha mbale, Melina akanadziwa pogwira. Koma munthuyo anafewa. Masabata apitawo, msana wa Melina utayamba kulira chifukwa cha dengu la tomato limene ankasenza wapansi kuchokera kumsika wa ku Mbare — kombi, minibasi ya m'tauni, inali itasanduka ya anthu a ndalama — Bothwell anamugoneka chagada, analowetsa chikhatho pansi pa msana, pamwamba pang'ono pa mikanda, n'kunena chapansipansi kuti, "Pumirani apa. Kankhani dzanja langali." Anali asanamugwirepo choncho chikwatirane. Melina anatseka maso n'kumva ululu ukusungunuka, ndipo anaganiza kuti njala ija, kuthamangitsidwa kwawo pafamu ya ku Karoi, kugona pansi miyezi yonse ija, zamuphunzitsa mwamuna wake chifundo, n'kusunga kugwirako mumtima ngati kanthu kakekake kamene palibe angabwere kudzalanda. Patangopita masiku ochepa ndi pomwe Bothwell anati, "Olinda akuti mubwere Loweruka, aone msanawo."

Ndiye lero, Loweruka, anali m'njira, koma osati chifukwa cha msana. Bothwell anamuuza kuti avale zomasuka, thirauzi yakale kapena chilichonse, koma Melina anavala bulauzi ya pa Khirisimasi, siketi, chitenje chatsopano pamwamba, mpango kumutu, ngati wopita kwa ankhoswe. Ndipo pansi pa zonsezo panali mikanda yake, chingwe chachitali chozungulira chiuno kawiri. Amene anamuveka mikandayo anali azakhali ake, tsiku limene anatuluka m'chinamwali pafamu paja, yofiira, yakuda, yachikasu, n'kumulangiza kuti maso a munthu mmodzi yekha ndiwo adzaione, dzanja la munthu mmodzi yekha ndilo lidzaikhudze. Pakati pake panali umodzi waukulu woyera, wosiyana ndi yonse, umene Bothwell anagula ku Mbare atangoyamba ntchito ku Southerton n'kuulowetsa yekha pachingwe, ndipo kuyambira pamenepo chala chake chachikulu chinkaufunafuna chokha n'kumaugubuduza ngakhale ali m'tulo. Melina ankafuna kulowa m'galaja ya Olinda atavala ukwati wake wonse. Ulusi unali utayamba kunyenyeka, ankadziwa, koma watsopano akanaupeza kuti m'chaka ngati chimenecho.

Anadutsa pamashopu pamene anthu anali pamzere wautali chifukwa cha mphekesera yoti kubwera shuga, ndipo mayi wina wa kutchalitchi anaitana ali pamzere pomwepo kuti, "Lero mwaperekezana," n'kuseka. Melina anaseka naye, mano okha. Kusekako kunali kwa chiyani? Mwina onsewa akudziwa, mzere wonsewu kuyambira kukhomo mpaka kumtengo, ndipo iye ndiye womaliza kumva, monga zimakhalira ndi mwini nkhani. Anadumpha ngalande ya zonyansa imene inkayenda mumsewu chiphulikire paipi, ndipo potera msana unamukumbutsa kuti ulipo. Bothwell anacheuka.

"Muli bwino?"

"Yendani," anatero Melina.

Galajayo inali ndi chitseko chachikulu chachitsulo chokweza m'mwamba, ndipo anali atachikweza kulekeza m'mawondo kuti mphepo izilowa koma maso a odutsa asalowe. Analowera pakakhomo ka m'mbali. Olinda anapatsa Bothwell tsache osamuyang'ana, iye n'kulandira osayang'ananso, ngati anthu amene manja awo anazolowerana. Anasesa, anayala timikeka osafunsa kuti aka kapite pati — ankadziwa, kabuluu kutsogolo, ka Olinda — kenako anatuluka kukakhala panja pa chitseko chachikulu, chifukwa Loweruka linali la azimayi. Chimene chinatsala cha iye ndi mapazi awiri m'mapatapata, akuoneka pampata uja.

"Mai Rumbi, mwabwera," anatero Olinda kwa Melina, pomuitana ndi dzina la mwana wake, akutsuka m'manja m'beseni la madzi othira mankhwala. "Takulandirani."

"Ndabwera."

Akanakhala wokongola zikanamveka. Koma Olinda anali kamkazi kouma, ka mano otalikirana, kovala sikipa yosuluka ndi thirauzi yothina, kosadzola chilichonse. Chokhacho n'chakuti ankaima ngati munthu amene mutu wake sunasenzepo dengu, ndipo akatembenuka thupi lonse linkatembenuka limodzi, popanda chiwalo chodandaula. Azimayi ena anali atafika kale, ochepa, ndipo amene Melina anawadziwa anali Mai Trymore okha, aphunzitsi a thupi lalikulu amene anasiya kupita kusukulu kombi itaposa malipiro. Onse anali m'zovala zakutha za pakhomo. Anayang'ana bulauzi ya pa Khirisimasi ija n'kubweza maso mwaulemu. Olinda anamusonyeza kamkeka ka kumapeto, kenako anasendera pafupi n'kutsitsa mawu kuti ena asamve.

"Mikandayo muvule kaye. Mukaigonera ikupwetekani."

Melina anamva kutentha kukukwera kuchokera pachifuwa mpaka m'makutu. Mikanda inali pansi pa siketi, pansi pa chitenje, pansi pa bulauzi, sinkaoneka ngakhale pang'ono — anadziyang'ana pagalasi lake losweka asananyamuke, kutsogolo ndi kumbuyo — ndiye mkaziyu waidziwa bwanji? Mwina inalira poyenda, mikanda imalira, amene anaivalapo amaimva. Mwina mkazi aliyense wa kwathu akafika pano amabwera nayo ndipo Olinda amauza onse chimodzimodzi. Koma sanafunse, wangonena, ngati munthu wodziwa, ndipo mwamuna amene angatchule mikanda ya mkazi wake kwa mkazi wina ndiye kuti waitchula ali pati, atakhala bwanji, atavala chiyani? Nkhani ya mikanda siyambika anthu akukankha wilibala. Ndipo taonani chimene akupempha: kuti iye Melina, mkazi wa mwini, amasule chingwe chimene sichinamasulidwepo pamaso pa munthu, achiike pambali ngati wotchi, pamalo a mkazi ameneyu.

"Ndilibe mikanda," anatero.

Olinda anamuyang'ana pang'ono chabe. "Chabwino. Gonani chagada."

Anagona. Denga la malata linali ndi timabowo tolowetsa dzuwa, pansi pankanunkha oyilo wakale wa galimoto, ndipo kamkeka kanali kopyapyala kuposa mmene kankaonekera, moti mikanda inayamba kuluma nthawi yomweyo, uliwonse pamalo pake, woyera uja n'kukhala ndendende pafupa la msana ngati mwala mu nsapato. Olinda ankayenda pakati pawo wopanda nsapato. Anati apinde mawondo, mapazi pansi. Anati apumire m'nthiti osati m'mimba, akokere mchombo kumsana ngati akutseka zipi ya siketi yothina. Ndipo Melina, amene wapuma zaka zonsezi popanda mphunzitsi, anapezeka kuti sadziwa kupuma — akakoka mpweya mimba inkatupa, akabweza mimba mpweya unkathawa, mapewa ankakwera okha kukafika m'makutu, chitenje chinkamumanga miyendo, pamene enawo ankachita zonsezi ngati akumwa madzi, ngakhale Mai Trymore ndi thupi lawo lonselo. Anadzida. Anadana ndi mimba yake imene inabereka Rumbi n'kukana kubwerera, anadana ndi zidendene zake zong'ambika zimene zinali poyera pa labala wa mzungu, anadzifunsa kuti Bothwell akamachoka pano n'kulowa m'kachipinda kawo kaja amaona chiyani.

Kenako Olinda anagona pa kamkeka kabuluu kuti awasonyeze chotsatira. Anapendeketsa chiuno pang'ono, msana n'kukhudza pansi. Anachibweza, msana n'kusiya kampata. Anachizunguza pang'onopang'ono mbali iyi, kenako inayo. Kenako anachinyamula m'mwamba, mapewa ali pansi, n'kutsika mosathamanga. Melina anatsala pang'ono kudzuka. Izi ankazidziwa. Izi anaziphunzira ali mtsikana m'kanyumba kotseka ka kumapeto kwa komboni, ng'oma ikulira, anamkungwi akuomba m'manja, amuna onse atawathamangitsira kutali, ndipo anawauza kuti zimenezi n'za m'chipinda, za mwamuna wako yekha, ukazichita pabwalo wadzivula. Ndiye mzungu uja anangochotsapo ng'oma n'kuikapo dzina? Ndiye izi n'zimene Bothwell wakhala akuonera masiku a azibambo, atagona chagada pafupi ndi chiuno chimenechi, iyenso n'kumayankha ndi chake? Mbali ina ya mutu wake inkamuuza kuti si zimenezo, kuti nkhope ya Olinda inali ngati ya munthu wosankha nyemba, kuti azibambo enawo ndi nkhalamba za shuga ndi nyamakazi. Koma chiuno ndi chiuno, ndipo ataponya maso pampata wa chitseko anaona chala chachikulu cha phazi la Bothwell chikugunda patapata motsatira mawu a Olinda.

"Potsika, fupa limodzilimodzi," anatero Olinda kwa onse, "ngati mikanda pachingwe."

Palibe anacheuka, mwina amamva mawu amenewo Loweruka lililonse, koma kwa Melina anafika ngati mbama. Chabwino. Ngati ndi mpikisano, iye sanaphunzitsidwe ndi mzungu. Ananyamula chiuno n'kuchidikula monga anamuphunzitsira anamkungwi, mwachangu, mwaluso, mwaukali, kuti mkazi wa ku Teteyu aone kuti Bothwell sasowa kanthu kunyumba — ndipo ululu unamubaya kuchokera m'chiuno mpaka kuseri kwa bondo, moti anagwera pa mikanda yake n'kuluma mlomo. Mai Trymore anayesa kubisa kuseka koma mimba inawaulula.

"Zvishoma, Mai Rumbi," anatero m'Chishona, kenako m'Chichewa chawo chothyoka, "pang'onopang'ono. Pano si pachinamwali."

Olinda sanaseke. Anagwada pambali pake, analowetsa chikhatho pansi pa msana wa Melina, pamwamba pang'ono pa mikanda imene mwini wake anati alibe — anaikhudza, sakanalephera kuikhudza, koma nkhope yake sinasinthe — ndipo anawerama n'kunena chapansipansi:

"Pumirani apa. Kankhani dzanja langali."

Mawu omwewo. Malo omwewo, zala zitatambasuka chimodzimodzi, chachikulu chitapinda pang'ono m'mbali mwa fupa, ngakhale kakudikira kaja asananene mawu achiwiri. Ndiye kanthu kaja kamene ankakasunga mumtima kanali kobwereka. Bothwell sanaphunzire chifundo kwa njala kapena kwa Mulungu, anachiphunzira pano, pa simenti yonunkha oyilo, dzanja ili lili pansi pa msana wake, n'kubwera nacho kunyumba ngati mmene ankabweretsera zotsala za ku kantini zitakulungidwa m'nyuzipepala. Kapena — ndipo ganizo ili linamupweteka kuposa loyamba — mwina anachita kupempha, mwina anaima pomwepa n'kunena kuti mkazi wanga akuvutika, ndisonyezeni pogwira, n'kuloweza mawu ngati mwana wa sukulu kuti akathandize iye, iye amene ankanunkhiza makolala. Ndiye woipa ndani pamenepo, ndipo angadziwe bwanji, poti dzanja la munthu wokukonda ndi la munthu wokunamiza zimafunda chimodzimodzi? Choipitsitsa n'chakuti msana unamvera. Unatsikira pachikhathocho wokha, mpweya unafika m'malo amene unali usanafikeko chiyambire chaka, mfundo ija ya pansi inamasuka pang'ono, ndipo misozi inatsikira m'makutu iye asanailole. Ankafuna kulikankha dzanjalo kutali, ndipo ankaopa kuti lichoka.

"Mwaona," anatero Olinda. "Thupi lanu limamva msanga."

Linachoka, kupita kwa wina. Melina anatsala akuyang'ana timabowo ta denga, akumva pamene panali chikhatho pakuzizira pang'onopang'ono, ndipo anadzipeza akuchitira nsanje ngakhale mayi wa pakamkeka kachiwiri amene tsopano ankagwiridwa m'nthiti. Ndiye ndi mmene zimayambira, anaganiza. Iye wagona pano m'mawa umodzi ndipo khutu lake likutsatira kale mapazi a mkaziyu, nanga munthu amene anadzutsidwa pansi atataya mtima, amene anabwezeredwa umuna wake wonse ndi manja amenewa, angatsale bwanji wa kunyumba?

Chomaliza chinali kudzuka: kugona chotambalala, manja kutsogolo, n'kunyamuka pang'onopang'ono mpaka kukhala tsonga osagwira pansi. Olinda anati amene ayamba lero asayese, angogwira kuseri kwa ntchafu n'kukweza mutu basi. Amene anayamba lero anali mmodzi. Melina anatambasula miyendo mmene chitenje chinalolera, anakoka mpweya, anakunga mimba ndi mphamvu zonse za munthu wosenza dengu kuchokera ku Mbare, anadziponya kutsogolo — ndipo chingwe chinaduka.

Sichinalire kwambiri, kanali kaphokoso ngati ka ulusi wa batani, koma anakamva thupi lonse, kumasuka kozizira kuzungulira chiuno. Kenako mikanda inatuluka pansi pa bulauzi, inatsetsereka pa labala, inadumphadumpha pasimenti ngati mpunga wotayika, ndipo popeza pansi pa galaja amapapendeketsa kuti madzi azituluka, yambiri inathamangira kuchitseko, yofiira, yakuda, yachikasu, kudutsa pakati pa miyendo ya azimayi achilendo kupita kumene kunali mapazi a Bothwell. Chala chija chinasiya kugunda.

Kenako Mai Trymore anagubuduka n'kugwada movutikira.

"Musachite manyazi, mwanangu. Tonse ndife azimayi."

Ndipo onse anayamba kukwawa, kutola, kuyang'ana pansi pa timikeka, m'ming'alu ya simenti, wina akupukuta oyilo pa siketi yake asanapereke, mokoma mtima, ndipo kukoma mtimako n'kumene kunamuvula Melina kotheratu. Anakhala pomwepo atagwira m'chiuno mopanda kanthu, akuona zala za anthu osawadziwa zikugwira chimene azakhali anati chidzagwiridwa ndi mmodzi. Anavula mpango n'kuuyala pamiyendo chifukwa panalibe pena poika. Ankadikira kuti Olinda anene za bodza lija, aseke, akweze nsidze, achite kanthu kalikonse koti munthu n'kumuda nako momasuka, koma Olinda ankangotola ngati enawo, atagwada, msana uli wowongoka ngakhale pokwawa. Anabwera ndi dzanja lodzaza, anakhuthulira pampango, anatakasa muluwo ndi chala kamodzi.

"Watsala woyera uja," anatero.

Uja. Melina anayang'ana pamulu, ndipo unalibedi. Mwina anauona ukugubuduka, unali waukulu, woyera, pasimenti yakuda aliyense akanauona. Mwina anaumva ndi chikhatho pamene anali pansi pa msana, koma chikhatho sichiona mtundu. Mwina palibe chodabwitsa, mwina mkazi aliyense amayika woyera pakati, mwina iye Melina ndiye wadwala mutu ndipo akufunika kugwada n'kupepesa anthu awiri osalakwa — koma nanga bwanji enawo sanaufunse, bwanji ndi mkaziyu yekha amene anadziwa kuti mulu wonsewu ndi wopanda pake popanda umodziwo? Anatsegula pakamwa kuti afunse. Funsolo linali lalifupi, linali kale palilime, ndipo anadziwa kuti akalitulutsa pano, pamaso pa Mai Trymore, silidzabwereranso m'kamwa.

Pampata wa chitseko panaoneka dzanja. Bothwell sanalowetse mutu, anangolowetsa mkono pansi pa chitsulo, zala zitapana kanthu koyera, ndipo chala chachikulu chinkakagubuduza pang'onopang'ono monga chimachitira masiku onse. Melina anafuna kudzuka koma msana unamuchedwetsa. Olinda ndiye anali pafupi. Anatambasula dzanja chakumbuyo, osayang'ana, ngati mmene anaperekera tsache muja, ndipo manja awiriwo anapezana okha m'kuwala kwa pampatapo, anakhudzana, anachedwa kapena sanachedwe — Melina ankayang'ana ndi maso onse ndipo sanathe kudziwa — kenako mkono wa mwamuna wake unabwerera panja.

Olinda anabwera chogwada, anatenga dzanja la Melina, analitembenuza, anaika mkandawo pachikhatho n'kupinda zala za Melina pamwamba pake.

"Ndili ndi ulusi wolimba kunyumba," anatero. "Mubwerenso Loweruka."

Panja wilibala inalira, Bothwell akuitembenuza kuti alongedze timikeka. Msana wa Melina unali wopepuka kuposa mmene unalili chaka chonse, m'chiuno munali mopanda kanthu, ndipo mkanda umene anaufumbata unali wofunda, wofunda ndithu, kufunda kwa dzanja la munthu, ndipo anaufinya mpaka kumupweteka akuyesa kumva kuti ndi la ndani.